Chikondi cha jezi sichigula ufa

Pali mawu amodzi amene masapota a mpira kuno kwathu amakonda kugenda nawo osewera, ndipo ine andifika pakhosi: "wadyera". Mnyamata akangopempha kuti amuwonjezere malipiro, wadyera. Akakana kusaina kontrakiti yatsopano, wadyera. Akachoka ku Bullets kupita ku Wanderers, kapena kuchoka ku Silver kukasaka zabwino ku Mozambique, ndiye basi, Facebook yonse imamugwera, mpaka kutukwana mayi ake omwe sadziwa n'komwe kuti ofusayidi n'chiyani. Otukwanawo ndi anthu omwe aja amene mu 2023 ankavina pa magulu a WhatsApp Chelsea itagula Moisés Caicedo ndi mapaundi pafupifupi 115 miliyoni, n'kumanyoza anzawo kuti mabwana a matimu awo ndi oumira. Wa ku Ulaya akalandira zambiri, ameneyo ndi katswiri. Mwana wa kwa Chadza akafunsa zake, wayiwala kumene achokera. Zoona zimenezo, abale?

Dandaulo lina lomwe limayendera limodzi ndi limeneli ndi loti "agula ligi". Bullets itatenga ligi kasanu kotsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, n'kusesanso zikho zonse zinayi m'chaka cha 2023 pansi pa Kalisto Pasuwa, otsalafe tinkadzitonthoza kuti ndi ndalama chabe zimenezo. Silver itatenga mu 2024 nyimbo inangotembenuka: ndi ndalama za Reserve Bank. Ine ndine wa Silver, ndinene poyera kuti musavutike kundifufuza, ndipo yankho langa ndi loti inde, ndi ndalama. Mumafuna zikhale chiyani? Timu imene imalipira osewera pa nthawi yake, kuwadyetsa bwino, kuwagoneka malo abwino akapita ku Karonga, iyenera kupambana timu imene yayenda usiku wonse pa basi n'kutsikira pa bwalo. Palibe chachilendo pamenepo, ndipo palibe tchimo.

Chimene chiyenera kutisowetsa tulo n'chakuti ndalamazo zimachokera kuti, ndipo mwini wake akatopa chimachitika n'chiyani.

Tangowerengani mayina amene matimu athu akuluakulu avalapo. Bullets inakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, kenako Nyasa Big Bullets, n'kuwonjezeraponso FCB kutsogolo. Wanderers inakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward, Mukuru. Timu imasintha dzina ngati mwana wamasiye amene akungosinthasintha omulera. Mu 2004 Bakili Bullets, pansi pa Kinnah Phiri, inafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, chinthu chimene mpaka lero timachikamba monyadira. Ndalama zinali za munthu mmodzi, a Bakili Muluzi. Iwo atasiya kuthandiza, timu yomwe ija inakhala zaka zingapo ikuyenda ndi mbale yopemphera. MDC United inatenga ligi mu 1988, lero ili kuti? Admarc Tigers inatenga mu 1989, Admarc itachotsa dzanja Tigers yakhala ikungopuma ndi mphuno imodzi. Escom United inali akatswiri mu 2007, ndipo ana ambiri amene akuwerenga izi pa foni sanaionepo ikusewera. Matimu amenewa sanafe chifukwa choti osewera anali adyera ayi. Anafa kapena kufooka chifukwa bodi ya kampani ina inakhala pansi masana ena n'kufufuta mzere umodzi pa bajeti.

Ndiye pali matimu a boma. Kamuzu Barracks, Moyale Barracks, MAFCO ndi Red Lions ndi a asilikali, Blue Eagles ndi ya apolisi, Civil Service United dzina lake likunena lokha. Amenewa timawalipira tonse kudzera m'misonkho, kaya timawachemerera kaya ayi. Masapota amakonda kuseka mnyamata waluso akasankha kupita ku timu ya asilikali m'malo mwa timu ya fuko, amati alibe masomphenya. Koma taganizani. Kumeneko ali ndi mwayi wolembedwa ntchito, kulandira malipiro a boma mwezi ndi mwezi, ndipo bondo likadzathyoka adzakhalabe ndi yunifomu ndi penshoni. Kwa ine imeneyo ndiye kontrakiti yanzeru kuposa zonse mu mpira wa ku Malawi, ndipo zimenezo zokha zikukuuzani kuti mpira wathu ukudwala pati. Kamuzu Barracks inatenganso ligi mu 2016, ndiye musamati kumeneko kulibe mpira.

Tibwere ku kontrakitiyo. Wosewera wa mu ligi yayikulu amayembekeza zinthu zitatu: ndalama yosainira, malipiro a pamwezi, ndi gemu bonasi timu ikapambana kapena kufanana mphamvu. Ndalama yosainira ija ndi imene imamveka bwino m'nyuzipepala, mamiliyoni akutiakuti, koma kawirikawiri imabwera pang'onopang'ono, ndipo ina imatsala kufikira kontrakiti itatha. Ndani mwa inu sanawerengepo nkhani ya osewera amene anyanyala zokonzekera chifukwa sanalandire mabonasi a magemu angapo? Nkhani zoterezi zimabwera chaka ndi chaka ngati mvula ya chizimalupsa. Ndipo zikabwera, sapota amakwiyira wonyanyalayo, osati amene wasunga ndalama za mwini.

Ndili ndi msuweni wanga amene anaseweerapo timu ina ya mu ligi ya chigawo, sinditchula dzina. Pepala limene anasaina linali la Chingerezi chokhachokha, anamupatsa cholembera ali chiimire pambali pa bwalo, ndipo kope lake sanamupatse. Miyezi itadutsa osalandira kanthu, atafunsa, anamuuza kuti apirire, mpira ndi chikondi. Atapeza timu ina, omwe aja anatulutsa pepala lija n'kunena kuti ndi wawo kwa zaka zitatu. Pepala limodzi lomwelo, pa malipiro ndi lakufa, pa kumumanga ndi lamoyo.

Chimene anyamata ambiri sadziwa n'chakuti malamulo a FIFA ali kumbali yawo pa nkhani imeneyi. Kuyambira 2018, ndime 14bis ya malamulo a kusamuka kwa osewera imati timu ikalephera kulipira malipiro a miyezi iwiri, wosewera akhoza kuilembera kalata yoipatsa masiku osachepera 15 kuti ilipire, ndipo ikapanda kutero ali ndi ufulu wothetsa mgwirizano. Si kuukira kumeneko, si dyera, ndi lamulo. Ndani amawauza zimenezi ku Nathenje? Ndani anakhalapo pansi kumasulira kontrakiti ya wosewera m'Chichewa kapena m'Chitumbuka? Fomu ya kubanki ya kumudzi timaimvetsa tonse, koma pepala limene likumanga miyendo ya mwana kwa zaka zitatu lili m'chilankhulo chimene iye analephera pa JCE.

Onjezanipo kwacha. Mu November 2023 ndalama yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu May 2022. Wosewera amene anasaina zaka zitatu kumayambiriro kwa 2022 anapezeka akulandira nambala yomweyo pomwe thumba la chimanga, lendi ndi sopo zathawa. Mphunzitsi wa ku pulayimale akadandaula za zimenezi timamumvetsa. Namwino akadandaula timamumvetsa. Goloboyi akadandaula timati aganizire mbiri ya timu. Mbiri ya timu amaphikira nsima? Ntchito ya mpira ndi ya zaka khumi ukachita mwayi, pa mabwalo olimba ngati msewu, ndipo tonse taonapo akatswiri akale amene tinkawaimbira m'manja akupempha thandizo la kuchipatala kudzera pa wailesi. Nthawi imeneyo amene ankakuwa za chikondi cha jezi aja amangolemba "zachisoni" n'kupitiriza kusuntha chala pa foni.

Tsono nkhani imene masapota sitiikamba mokwanira, imene kwa ine ndiye gwero la zonsezi, ndi ya oulutsa mpira.

Kulikonse kumene mpira ukulipira anthu bwino, ndalama zenizeni sizichokera pachipata kapena m'thumba la bwana wachifundo. Zimachokera ku kanema. Ngakhale ku America, pa masewero awo aja a baseball amene ife sitiwamvetsa, mkangano wake ndi womwewu. Mu December 2023 timu ya Los Angeles Dodgers inasainitsa Shohei Ohtani kontrakiti ya madola 700 miliyoni ya zaka khumi, ndipo masapota a matimu ena anakuwa ndendende ngati ife, kuti agula ligi. Koma Dodgers ikutha kutero chifukwa mu 2013 inagulitsa ufulu woonetsa magemu ake kwa zaka 25 pa madola oposa 8 biliyoni. Ndiponso kumeneko timu ikapyola mlingo wa malipiro umene anagwirizana, imalipira msonkho wapadera ku ligi. Ku England, ufulu woonetsa Premier League m'dziko mwawo mokha unagulitsidwa mapaundi 6.7 biliyoni kwa zaka zinayi kuyambira 2025, ndipo ndalamazo amagawana matimu onse, n'chifukwa chake katimu ka kumunsi kwa tebulo kamatha kugula wosewera amene ligi yathu yonse singamukwanitse.

Mwina mukuti amenewo ndi azungu, tisadziyerekeze. Chabwino, tiyeni tione aneba. Ku South Africa, PSL inagulitsa ufulu wake kwa SuperSport mu 2007 pa ma rand 1.6 biliyoni kwa zaka zisanu, ndipo timu iliyonse ya mu ligi imalandira ndalama mwezi ndi mwezi kuchokera ku ligi. N'chifukwa chake Gabadinho Mhango anachoka ku Bullets mu 2013 kupita ku Bloemfontein Celtic, n'kudzafika ku Orlando Pirates komwe anamwetsa zigoli 16 mu ligi ya 2019/20. Ku Tanzania, dziko limene zaka zapitazo tinkalimbana nalo bwinobwino, Azam inasaina mu 2021 mgwirizano wa zaka khumi wa mashilingi 225.6 biliyoni kuti izionetsa ligi yawo. Chaka chomwecho Simba inabwera kudzatenga Peter Banda. Mu 2023 Yanga inafika mu fainolo ya CAF Confederation Cup, mu 2025 Simba inafikanso. Anthu a ku Dar es Salaam sanabadwe ndi miyendo ina. Anangopeza njira yoti munthu wa ku Mbeya amene sadzapondako pa bwalo la Mkapa aziponyako kangachepe kake mwezi uliwonse.

Kuno? Palibe timu ngakhale imodzi ya ku Malawi imene ingakuuzeni kuti ikulipira osewera ndi ndalama za kanema ndi wailesi. Pitani pa gemu ya Bullets ndi Wanderers muone mawailesi kuchuluka kwake, aliyense ndi maikolofoni yake, ndipo mphindi zingapo zilizonse woulutsa akuimitsa mpira kuti atiuze za sopo, za feteleza, za kampani yobetchera. Malonda amenewo si aulere. Mpirawo ukugulitsa malonda, koma amene akuthamanga padzuwa kuti malondawo amveke ndi amene akulandira zotsalira. Ndimalemekeza ntchito ya oulutsa, tinakula ndi mawu a Steve Liwewe Banda pa MBC, ndipo ambiri a ife gemu yoyamba ya Flames tinaionera m'makutu. Koma ulemu umenewo usatilepheretse kufunsa SULOM ndi FAM kuti chaka chilichonse azisindikiza poyera kuti nyumba iliyonse youlutsa inalipira zingati, ndipo timu iliyonse inalandirapo zingati. Ngati nambalayo ndi yochititsa manyazi, aitulutse tichite nawo manyaziwo.

Oulutsa nawo ali ndi yankho lawo, ndipo si lopusa: mpira wathu ndi wovuta kugulitsa. Kamera imodzi itaimikidwa pamwamba pa galimoto, chithunzi chikunjenjemera, chigoli chalowa wojambula akuonetsa sapota wovina, intaneti yaduka pa penate. Gemu yasinthidwa tsiku Lachinayi usiku. Ndani angalipire zodula pa katundu wotere? N'zoona. Komatu katunduyo sangakongole popanda wina kuikapo ndalama poyamba, ndipo FAM itayesa kuyambitsa Mpira TV kuti mpira wathu ukhale ndi kanema wakewake wolipira, funso loyamba la ambiri a ife linali loti kodi palibe amene akuonetsa ulere pa Facebook.

Apa ndiye pamene ndikufuna tiyang'anane m'maso, anzanga a pa Mitundu, a pa Nathenje, a ku Malingunde. Ndalama zoonera mpira tili nazo, tisanamizane. Loweruka lililonse mavidiyo sho amadzaza, jenereta ikulira kuseri, anthu atapanikizana pa mabenchi kuonera Manchester United ikuwazunza. Aliyense walipira pakhomo. Wa kabaza walipira, wogulitsa tomato walipira, mnyamata amene watsika ndi matumba a makala kuchokera ku Dzalanyama m'bandakucha walipira, ndipo ambiri aikaponso ina pa kubetcha. Mu August 2023, MultiChoice italengeza kuti ikuchotsa DStv m'dziko muno chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi MACRA, kulira kumene kunamveka kunali ngati kwagwa maliro a mfumu. Ndalama imeneyo imachoka pa Mitundu, kudutsa ku Lilongwe, kupita ku Johannesburg, ina n'kukathera ku London, m'dziko limene ndalama zakunja zikusowa mpaka mafuta a galimoto kumavuta. Ife ndi amene tikuthandiza kulipira Caicedo. Tikamaliza, tikutukwana mwana wa kwathu chifukwa wafunsa bonasi yake ya mwezi wathawu.

Ndipo tikapita ku bwalo la kuno, khalidwe lathu mukulidziwa. Wina akuti ndine wa komiti, wina akudziwana ndi wa pachipata, wina wagula tikiti yachinyengo pa theka la mtengo. Ndalama yochepa imene yatolereka iyambe yadyedwa ndi mwini bwalo, apolisi, oteteza, FAM, SULOM ndi khonsolo ya zamasewero, matimu n'kugawana zotsala. Jezi imene tavala ndi ya pa msika, timu sinaonepo tambala. Oyimbira akalakwitsa tigenda miyala, timu ilipitsidwe chindapusa kuchokera m'thumba lomwe lija la malipiro. Kenako madzulo pa wailesi tikuimba foni kulamula kuti agule osewera atatu apamwamba ndi kochi wakunja. Ndi ndalama za ndani, aise?

Sindikunena kuti munthu wa kumudzi ndi amene wapha mpira. Kuchoka ku Mitundu kukaonera gemu pa Bingu kapena pa Silver Stadium ndi minibasi yopita m'tauni, ina yokafika ku bwalo, tikiti, chakudya, n'kubwerera usiku. Ndalama imeneyo ndi ya ndiwo za sabata. Munthu wotereyu sadzakhala kasitomala wa pachipata, koma ndi kasitomala wa kanema amene palibe akumufuna. Foni ali nayo. Mpamba kapena Airtel Money ali nayo. Makampani awiri onse a mafoni aikapo kale ndalama mu mpira, TNM inayamba kuthandiza ligi mu 2007, Airtel ili ndi chikho cha Top 8 kuyambira 2017. Chikuletsa n'chiyani kugulitsa bandulo ya gemu imodzi, yotchipa ngati mtengo wolowera mu vidiyo sho, gawo lake lodziwika n'kumapita molunjika ku matimu awiri amene akusewera? Eni mavidiyo sho bwanji osawagulitsa chilolezo choonetsa ligi yathu pa mtengo umene angakwanitse? Anthu ambiri a dziko lino amakhala kumudzi, koma amene amakonza za mpira amaganiza ngati Malawi amathera pa Biwi.

Chinanso chimene chimandiwawa ndi cha kumene osewerawo amachokera. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, ndipo Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse. Luso la dziko lino limamera pa mabwalo a fumbi ngati athuwa, a pa sukulu za pulayimale, amene zigoli zake ndi mitengo ya bulugama. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengo wake igawidwe kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Palinso chipukuta misozi cha maphunziro chimene chimaperekedwa mwana akasaina kontrakiti yake yoyamba kunja. Koma ndalama zimenezi zimatsata kaundula. Ngati mwanayo sanalembedwe mwalamulo kuti anali wa timu yakutiyakuti chaka chakutichakuti, ndiye kuti pamaso pa FIFA anagwa kuchokera kumwamba ali ndi zaka 19 atavala kale jezi ya timu ya m'tauni. Timu ngati Mitundu Baptist, imene yanyamula dzina la dera lathu, ili m'kaundula ndipo ikhoza kudzapindula. Nanga timatimu tambirimbiri ta kwa Chiseka, kwa Masula ndi kwa Chadza, timene aphunzitsi ake amagula mpira ndi ndalama za fodya wawo?

Timeneto timakumbukiridwa chisankho chikayandikira. Ofuna mpando amabwera ndi bonanza, chikho chonyezimira, ma jezi olembedwa dzina lawo kumsana, zokuzira mawu ndi envelopu. Anyamata amathyolana miyendo masabata atatu, wopambana alandira ndalama imene ikagawidwa kwa anthu 20 siikwana nsapato imodzi. Wina wa m'tauni amene anaima pambali ndi kabuku amanyamula mwana mmodzi waluso, n'kusiyira kochi wake mipira iwiri ngati zikomo. Mwanayo akadzagulitsidwa ku South Africa, kochi uja adzamvera pa wailesi.

Ndiye a komiti ya mpira ya boma la Lilongwe, ndi inu olemekezeka amene mukukonza kale bonanza ina: ndalama ya zokuzira mawu ndi ya chikho chonyezimiracho ingakwanitse kulembetsa matimu a ana a zaka 12 mpaka 17 a ku Mitundu ndi ku Nathenje m'kaundula wa FAM, dzina ndi dzina, chaka ndi chaka, ndi chithunzi cha mwana aliyense. Ndi ntchito ya kalaliki mmodzi, foni imodzi ndi njinga yamoto, ndipo itha kutha mvula isanagwe.